Jafali ndi Galimoto Yake Yofiira

Amayi,

Kaya mwadzuka bwanji kumene muliko? Ife kuno tilipo, Alhamdulillah. Ndine Asiyatu, mwana wanu wa manja a oyilo uja. Mukudziwa kuti ife akazi kumanda sitifikako, ndiye nkhani zimangondiunjikana pamtima. Lero ndatseka galaji masana, ndasamba m'manja katatu kuti pepalali lisade, ndakhala pakhonde panu kuti ndikuuzeni zonse bwinobwino.

Ndiyambe ndi zing'onozing'ono. Mpunga wa kudambo chaka chino wachita bwino, koma chimanga ndiye ayi, madzi anakhalitsa m'munda. Mwera unavuta kwambiri, usipa unasowa mpaka anzanu a pa thandala aja anayamba kugulitsa tomato. Amalume maso akunka nachita khungu, koma pakamwa pokha mpabwinobwino, akutukwanabe nkhuku za eni ake. Denga la kuchipinda kwanu ndinakhoma ndekha. Munkati, "Mkazi wanji wokwera padenga, anthu aziti ndinakulera bwanji?" Pepani, ndinakweranso, ndipo silikudonthanso.

Nkhani yeniyeni ndi ya mwana wanu Jafali. Tsiku lija m'chipatala munandigwira dzanja n'kunena kuti, "Asiyatu, mlongo wakoyu ali ndi phazi la bambo ake. Usadzalole kuti nayenso adzabwere pakhomo atakulungidwa m'nsalu." Ndinavomera msanga chifukwa munali mukuvutika kupuma. Sindinaiwale kuti bambo anapita ndi liwiro, akupitirira lole pa chitunda ndi minibasi yawo ija. Kwa zaka ziwiri lonjezo limeneli silinandivute, poti Jafali anali ku Joni ndipo ankayenda pa basi.

Wabweratu. Anafika ndi Hawa, mkazi wake uja munkangomumva pa foni, ali woyembekezera. Anzake akamachoka ku Joni amabwera ndi malata, firiji, ena injini ya boti. Wanuyu anabwera ndi galimoto yofiira ya zitseko ziwiri, yogwira pansi, kumbuyo kuli chiphiko chachikulu, kulira kwake mpaka mbuzi kudula zingwe. Nditangoimva ikubwera, ndinakumbukira lonjezo lija.

Koma tsiku loyambalo ndinaseka mpaka misozi. Kuchoka pa tala kufika pakhomo pano mukudziwa kuti ndi mchenga wokhawokha. Inangolowa pang'ono n'kukhala pamimba, matayala akungozungulira. Anaipulumutsa ndi asodzi. Anabwera ndi zigogo zawo zija amakokerapo boti, kuziyala pansi, wina kuyambitsa nyimbo, enawo kuvomera. Galimoto inafika pakhomo panu ngati boti lochokera ku Mbenji, mwini wake akuyenda pambuyo nsapato zili m'manja. M'mawa mwake anaibweza momwemo, ndipo kuyambira pamenepo imagona ku galaji kwanga, m'mbali mwa tala.

Jafali sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Amayenda ndi kanema pa foni, woonetsa galimoto yonga yakeyo ikuthamanga pa mpikisano kwa azungu, nambala ili pachitseko. Aliyense amene wakhala naye pafupi amamuonetsa. Kwa ine anati, "Achemwali, onani, ndi yomweyi. Fakitale imodzi, injini imodzi. Yangayi angoipatsa mapepala kuti iziyenda pamsewu."

Ine ndinati, "Iwe, zoterezi ndaziona zambiri. Anyamata amamata zomatamata pa galimoto ya agogo, kuboola paipi ya utsi kuti izilira, basi ati ya mpikisano. Bweretsa padzenje la m'galajimu ndiione kunsi."

Amayi, ndinalowa m'dzenje muja ndikupemphera kuti ikhale yabodza. Ndinkafuna ndipeze kainjini kotopa, ndimuseke, nkhani ithere pomwepo. Koma ayi. Injini ndi yeniyeni, yokhala ndi chipangizo chopopera mpweya chija timati tebo. Mabuleki ake ndi aakulu ngati mbale zodyera alendo. Chilichonse pansi pake n'chomangidwa molimba, mwaluso, moti ndisaname, dzanja langa linkasisita zitsulozo mosirira. Pa zaka zonse ndagwira sipanala sindinakhudzepo chinthu chopangidwa bwino chotero. Ndinatuluka m'dzenjemo.

Kenako ndinamulanda foni n'kuimitsa kanema uja pamene akuonetsa m'kati. Ndinati ayang'anitsitse. Ya pa mpikisanoyo m'kati mwake ndi mapaipi achitsulo okhaokha, owotcherera kuzungulira dalaivala, kuti ikagubuduzika denga lisamuphwanye. Munthuyo amumanga malamba m'mapewa, m'chiuno ndi pakati pa miyendo, kumutu chipewa cholimba. Msewu wonse autseka, mulibe mbuzi, mulibe wakabaza, mulibe mwana wa sukulu, ndipo ambulansi ili chire pambali. Ya Jafali ili ndi wailesi, mipando yachikopa ndi pogonekera botolo la zakumwa. Ndinamuuza kuti, "Anakugulitsa miyendo yokha, nthiti anasunga." Iye anangoseka, ati achemwali mumaopa zinthu ngati amayi.

Za mpikisano ndinazimva kwa akabaza, mwini wake asanandiuze. Pali mnyamata wina, mwana wa mwini loji ina ya ku Senga Bay kuno, amayendetsa chigalimoto chakuda cha bambo ake. Ameneyo ndiye anamunyoza Jafali pagulu, kuti galimoto yakeyo ndi chidole chongojambulitsira zithunzi. Basi anapangana kuti Lamulungu m'mawa adzaliyatse liwiro kuchoka pa boma mpaka kuno, aone wofika msanga. Panalibe chopikisanirana china koma dzina. Msewu womwe uja, Amayi, umene munkayenda ndi dengu la usipa pamutu.

Chimene chinkamutsekereza Jafali ndi mahampu. Galimoto imeneyi pa hampu imakhula mimba. Amayenera kuima, kutsitsa anthu, kukwera chopingasa pang'onopang'ono, akabaza akumupitirira uku akumuimbira belu. Ndiye Lachinayi anabwera ku galaji n'kuti, "Achemwali, ikwezeni."

Mukudziwa kuti imeneyi ndiye ntchito imene imandidyetsa. Galimoto zochokera kunja zimabwera zili zogwira pansi, ife timaika timbale tachitsulo pamwamba pa masipuling'i, zimakwera, zimayenda m'misewu yathu. Theka la tsiku ndimakhala ndamaliza. Koma iyi anaipanga yogwira pansi dala, kuti pa kona izimatirira msewu. Kuikweza n'kuithamangitsa, pa kona yoyamba ikhoza kutembenuka. Ndinamufotokozera zonsezi modekha. Kenako kudekhako kunandithera, ndinamukalipira mpaka a pa golosale anatuluka kudzaonerera. Ndinatchula bambo, ndinatchula inu. Anandiyankha kuti, "Galaji si yanu yokha m'Salima muno. Loweruka ndipita nayo kwina."

Apa ndiulule tchimo langa. Atachoka, ndinatsegula kabokosi ka mafyuzi n'kuzula fyuzi ya pampu ya mafuta, kanthu kochepa ngati chikhadabo. Popanda iko injini imangokhosomola osalira. Ndinakaponya m'thumba la ovolosi. Ndinati Loweruka ndidzanamizira kufufuza vuto tsiku lonse, Lamulungu lidutse. Ine amene sindinanamizepo kasitomala, ndinakonzeka kunamiza mwana wa mayi anga, ndipo mtima sunanditsutse n'komwe.

Lachisanu masana, amuna atangotuluka mu mzikiti, matenda a Hawa anayamba. Masiku ake anali asanakwane, tinkati apite kuchidikiro sabata yotsatira. Azimayi oyandikana nafe anamugwirizira mpaka pa tala, akulephera n'kuima komwe. Pikapu yanga giyabokosi inali pansi, ndinali nditaimasula m'mawa womwewo. Minibasi imene inalipo inali ndi anthu awiri, kondakitala akuti tidikire idzaze. Panatsala galimoto yofiira ija basi.

Jafali anamugoneka Hawa pampando wakutsogolo, ine ndinadzipanikiza kumbuyo ndi beseni ndi zitenje, mawondo ali kukhosi. Anapotokola kiyi. Khokhokho, zii. Kachiwiri, chimodzimodzi. Hawa akubuula, Jafali thukuta lili kamukamu, akumenya chiwongolero n'kumati, "Bwanji lero? Bwanji lero?" Amayi, manyazi amene ndinamva sindidzawaiwala. Ndinamuuza kuti atuluke, ndinatuluka, ndinapisa m'thumba iye akuona, n'kubwezera fyuzi ija pamalo pake. Inalira kamodzi n'kamodzi. Anandiyang'ana, tinalowanso n'kunyamuka.

Titalowa mumsewu ndinkaona muvi wa liwiro pakati pa mipando, ukukwera. Tsopano anali ndi chifukwa chomveka chothamangira, ndipo ine ndinalibe pakamwa pomuletsera. Anamuletsa ndi Hawa. Galimoto imeneyi ndi youma ngati benchi, kamwala kalikonse kamakufika m'fupa. Anakuwa kuti, "Inu a Jafali, mukandigwedezanso kamodzi ndiberekera momuno, mudzachapa nokha mipando yanuyi!" Phazi linabwerera. Tinayenda liwiro la minibasi ya dalaivala wachikulire.

Pa kona ija musanafike pa mlatho, kutsogolo kwathu kunali wakabaza atanyamula mayi wa mwana kumbuyo, pamiyendo pali beseni la nsomba. Tayala lake linaterereka m'mphepete mwa tala pamene panagumuka, njinga inapepeluka, onse khu! pakati pa msewu. Jafali anaponda buleki. Ine mutu unakagunda mpando, beseni langa linauluka. Galimoto inaima njii, osapotoka, osaterereka. Nditasuzumira, mwana uja anali pansi penipeni pa mphuno ya galimoto, akulira, wamoyo, dzanja langa likanatha kumufika kuchokera pa bampala. Ikanakhala pikapu yanga, sikanaima pamenepo. Mabuleki aja ndi a mpikisano ndithu, ndikuchitira umboni.

Anthu anathamanga kudzawadzutsa, onse anali ndi mikwingwirima chabe. Jafali anatsala pa chiwongolero. Anandifunsa osacheuka, mawu ali pansipansi, "Achemwali, likanakhala liwiro la Lamulungu, ndikanaima pati?"

Sindinamukalipire. Ndinamuyankha ngati makaniko. Ndinayang'ana msewu, ndinayeza ndi maso, n'kumulozera mtengo wa mango umene uli patsidya pa mlatho, kutali uko. Ndinati, "Apo. Ndipo ndi mabuleki omwewa." Anauyang'ana mtengowo, anayang'ana mwana uja akumupukuta fumbi, n'kulowetsa giya.

Tinafika kuchipatala, ndipo Hawa anachira dzuwa lisanalowe. Ndi mwana wamkazi, Amayi, wamng'ono thupi koma mawu ngati a amalume. Mphuno ndi yanu, palibe wotsutsa. Anamwino anawasunga tsiku limodzi, Loweruka madzulo anatuluka. Za fyuzi ija ndinapepesa tili panja pa chipatala. Ndinamuuza kuti Hawa akanaona zina chifukwa cha ine, ndipo sindidzachitanso. Anangoti, "Zatha, achemwali." Koma za mpikisano sananene kuti walekeza, ndipo ine ndinaopa kufunsa.

Lamulungu ndinalawirira ku galaji. Galimoto inali pomwepo, kiyi ali ndi mwini wake, fyuzi ili m'malo mwake. Sindinaikhudze. Ndinakhala pa tayala lakutha n'kumangodikira. Anyamata anayamba kusonkhana, akabaza, asodzi, ena atakwera pa mpanda. Kenako chigalimoto chakuda chija chinafika ndi hutala, mwini wake atatulutsa mutu pawindo. "Ali kuti wa chidole uja? Wabisala kumatewera?" Anthu kuseka.

Jafali anatulukira mu mchenga muja wapansi, atavala patapata, m'manja muli fulasiki ya phala la Hawa imene ankakatenga kwa azakhali. Ndinkamudziwa mwana wanu akanyozedwa pagulu, makutu amachita kuima. Anafika mpaka pa windo la mnyamata uja. Sanakweze mawu, koma tonse tinamva. Anati, "Bwanawe, galimotoyi ikhoza kukusiya kutali, achemwali angawa akudziwa. Koma ine ndikuopa. Ndaopa basi. Kauze aliyense amene ukufuna."

Anamuwowoza, Amayi. Anamuimbira mluzu, wina anamutcha dzina loti sindingalembe m'kalata yopita kwa inu. Iye anangodutsa pakati pawo ndi fulasiki yake, osayang'ana n'komwe galimoto ija. Ine ndinalowa m'dzenje la galaji ngati ndikukatenga sipanala, ndinakhala pansi m'menemo n'kulira. Zaka zonse zimene munakhala ndi bambo munkadikira mawu amenewo, ndipo sanatuluke m'kamwa mwawo mpaka tsiku lomaliza. Ndimafuna mudziwe kuti mwana wanu wawanena, poyera, anthu onse akumva.

Pumani bwino tsopano. Ndimakukondani monga kale, ndipo ndipitiriza kumuyang'anira, koma mosabisa kanthu m'thumba.

Ndine mwana wanu,
Asiyatu