Gitala ndinapanga ine, m'manja akuombera bambo anga

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 36, ndimakhala ku Bwanje kuno ku Ntcheu. Banja langa litatha ku Balaka ndinabwerera kwa makolo, ndipo ndimalima mpunga kusikimu. Ndikulemba kalatayi mtima uli wodzaza ndi chimwemwe, koma mumpunga wangawu muli kamwala kamene kakundiletsa kutafuna momasuka.

Bambo anga, a Yoramu, akhala akupanga magitala m'kashedi ka kuseri kwa nyumba yathu kuyambira ine ndisanabadwe. Ndili mwana ntchito yanga inali yosesamo utuchi basi. Zaka ziwiri zapitazi maso awo anachita ng'ala, koma ankabisa. Chaka chino kunabwera a Jasper, amene amatsogolera kwaya ya mpingo wina ku Mlangeni, kudzapempha gitala woti akaimbire pa mpikisano wa makwaya. Bambo anavomera. Patangotha masiku atatu anaphonya thabwa ndi tchizulo n'kudzing'amba chala. Ndikuwamanga chalacho anati, "Mwanawe, maso awa andithawa. Uwaimbire foni a Jasper akagule wa kusitolo." Ine ndinati, "Bambo, inu khalani pampando muzinena, ine ndizichita." Anaseka, amvekere, "Puleni si khasu, iwe." Koma m'mawa mwake ndinapeza atandinolera puleniyo okha, mongopapasa.

Ntchito imeneyi inandiliza, Aphungu. Matabwa a m'mbali, a mlombwa, amafunika kuwapala mpaka apyapyale, kenako kuwanyowetsa n'kuwapinda pang'onopang'ono pa paipi yachitsulo yoikamo makala amoto. Loyamba linathyoka. Lachiwiri linapsa. Pa lachitatu bambo anasanjika dzanja lawo pamwamba pa langa n'kunena kuti, "Usalikakamize, dikira livomere lokha." Ndinamva thabwa likufewa m'manja mwanga mpaka linapindika bwinobwino. Zopanira za kusitolo tilibe, ndiye tikamata ndi guluu tinkamanga ndi malegeni a chubu cha njinga. Khosi la gitalayo ndinasema la mbawa. Thabwa la pamwamba, la paini, ndinkalipala ndi chidutswa cha botolo, iwo n'kumaligogoda ndi chala ataliika kukhutu. "Likadali lolemera, palanso." Masiku anayi akunena zomwezo, mpaka tsiku lachisanu anati, "Eya, layamba kulankhula."

Tizitsulo topingasa pakhosi pa gitala, timene amati mafuleti, ndinapanga ndi masipoko a njinga n'kutisalaza ndi tupa. Malo ake ndinatengera pa kandodo ka bambo koyezera kamene anakasema timizere kalekale. Kachitsulo ka nambala 12 kamayenera kukhala pakati penipeni pa nsambo, ndiye ndinayeza kasanu ndisanagunditse sowo. Vanishi ndiye anandichititsa manyazi. Ndinapaka masana, anzathu a nyumba yoyandikana nayo akupeta mpunga, mankhusu onse n'kudzamatirira pagitala. Ndinakwecha yense ndi sandipepa misozi ili mbwembwembwe, n'kuyambiranso: kupaka mopyapyala m'mawa mphepo isanadzuke, kudikira aume, kukwecha pang'ono, kupakanso, mpaka kasanu ndi kamodzi.

Nthawi yonseyi tinkabisa. Mlendo akaodira pakhomo, bambo ankatenga sandipepa n'kuyamba kukwecha, ine n'kutola tsache.

Tsiku lomanga nsambo bambo analiza nyimbo imodzi. Kenako anati, "Ameneyu waposa onse amene ndinapanga ine." M'mimba mwa gitalayo ndinamatamo kapepala ka dzina lawo monga mwa masiku onse.

Mwezi watha tinapita tonse ku Mlangeni. Makwaya ena anabwera ndi makiyibodi ndi zokuzira mawu. Kwaya ya a Jasper itangoimirira, jenereta inazima. Anthu anayamba kung'ung'udza kuti adikire, koma a Jasper anangokoleka gitala wathu paphewa n'kuyambitsa nyimbo. Aphungu, mawu ake anakamveka mpaka kwa amayi ogulitsa kachewere panja pa tchalitchi! Anthu anaimirira okha, oweruza omwe akugwedeza mitu. Kwayayo inatenga chikho. A Jasper ananyamula gitala m'mwamba, amvekere, "Ameneyu sanachokere ku Joni ayi, wachokera ku Bwanje! A Yoramu, taimirirani anthu akuoneni!" Bambo anaimirira nditawagwira mkono, tchalitchi chonse chikuomba m'manja. Inenso ndinaimba nthungululu mpaka mawu kusasa, zipsera za paipi ija zili m'manja mwanga.

Vuto langa ndi ili. Potuluka anatipeza mayi Pauline, amene amayang'anira sukulu ya ntchito zamanja ya mpingowo. Akufuna magitala atatu, komanso kuti bambo akaphunzitse achinyamata kwa milungu iwiri. Bambo anangoti, "Tiona." Mu minibasi pobwerera anandinong'oneza kuti, "Uwauze kuti ndadwala. Akadziwa kuti sindiona, dzina langa latha. Akadziwanso kuti anapanga ndi mkazi, palibe adzagule."

Ine mtima wanga ukufuna anthu adziwe kuti manja angawa angathe, ndipo kusukuluko ndikufuna kupita. Koma sindikufuna kuvula bambo anga pagulu, munthu amene wandipatsa luso lonseli. Mayi Pauline andiimbira kawiri, ine kungoyang'ana foni ikulira. Kodi ndinene zoona, kapena ndizingobisalabe kuseri kwa dzina lawo?

S.Y.,
Bwanje, Ntcheu.

Mayi S.Y.,

Choyamba ndikuombereni m'manja ine, poti ku Mlangeni kuja munaombera ena. Akalipentala okhoma tebulo ndi mabenchi ali ponseponse, koma opinda mlombwa pamoto osathyola, n'kuika mafuleti malo ake gitala n'kulira molondola, ndi owerengeka. Inu mwalowa m'gulu limenelo. Musadzichepetse, ndipo tsache lija lisiyeni.

Komabe ndikukonzeni pang'ono. Gitala uja sanapangidwe ndi munthu mmodzi. Manja anali anu, makutu anali a bambo anu. Choncho palibe chifukwa chosankha pakati pa dzina lanu ndi lawo. Bodza loti adwala ndiye ayi. Mukanama lero, Loweruka mayi Pauline adzatulukira ndi paketi ya shuga kudzazonda wodwala, n'kukupezani inu puleni ili m'manja. Pamenepo manyazi adzakhala a nonse awiri.

Yambani ndi bambo, muli awiriwiri m'kashedi momwemo. Chimene akuopa iwo si kutchuka kwanu ayi. Akuopa kutsala pakhonde anthu atawaiwala. Muwauze mosapita m'mbali kuti sukulu ikufuna mphunzitsi, ndipo palibe umboni wa mphunzitsi woposa mwana wolima mpunga amene wasanduka mmisiri m'miyezi yochepa, iwo ali pampando. Muwatsimikizire kuti mukapita nonse, inu kuonetsa ndi manja, iwo kugogoda thabwa n'kuweruza. Mawu oti "gitala uja anapanga ndi mwana wanga" atuluke pakamwa pawo, ndipo woyamba kuwamva akhale a Jasper, amene anawaimiritsa pagulu osadziwa. Ulemu umenewo apatseni. Akakana tsiku loyamba musapse mtima. Pemphani mkulu wa mpingo kapena mbale amene iwo amamumvera kuti akuthandizeni, koma akhale munthu wosunga pakamwa.

Foni ya mayi Pauline yankhani lero lomwe. Muwauze kuti mukukambirana ndipo yankho alandira sabata ino. Bambo akavomera, afotokozereni zonse. Ine ndikuona kuti mayi woyendetsa sukulu ya ntchito zamanja akamva kuti wogwira sowo ndi mayi mnzake, adzathamanga kukalemba ndi atsikana omwe. Kapepala ka m'mimba mwa gitala kuyambira pano kazikhala ndi mayina awiri.

Za maso musagonere. Ng'ala nthawi zambiri madokotala amaichotsa munthu n'kuonanso. Pitani nawo kuchipatala akawapime, ndipo timabotolo ta pamsika asadonthezere m'maso.

Chenjezo langa lili pa magitala atatuwo. Chikho chisakuthamangitseni. Matabwa akhale ouma kwenikweni, osati ocheka chaka chino, ndipo muzimata nyengo youma, chifukwa gitala wochoka kotentha ku Bwanje kupita kozizira ku Mlangeni amakumana ndi mayeso. Ngati nthawi ikukwanira mmodzi, lonjezani mmodzi. Gitala wa bambo akakhota khosi anthu amati thabwa linali laliwisi, koma wanu akadzakhota adzati n'chifukwa choti anapanga ndi mkazi. Mpata umenewo musawapatse. Muziwatulutsa mmodzimmodzi, aliyense wowongoka, mpaka odzagula azidzaima pakhomo panupo n'kufunsa kuti, "Kodi mayi a magitala alipo?"

Aphungu.