Makobiri a ku depoti yakale

Lolemba, 3 Juni

Zitsekerero za mabotolo, misomali yadzimbiri, theka la supuni. Ndizo za lero. M'mawa wonse ku depoti yakale ya mabasi, mahedifoni m'makutu, makina ofufuzira zitsulo pansi akungolira zopanda mutu. Msana ngati wapondedwa.

Madzulo mayi a ana andiikira malire. Mwezi uno ukatha osapeza kobiri lakale ngakhale limodzi, makina agulitsidwe, ine ndikayambe ntchito kusitolo ya achimwene awo. Kuyeza misomali pasikelo! Ine amene ndinkakonza magetsi a fakitale yonse isanatsekedwe. Ndavomera. Ndikanatani, poti makinawo ndinagula osawauza.

Bambo anga anali pampando wawo, akupukuta nsapato zomwe savala n'komwe.

Lachinayi, 6 Juni

Alamu anatulukira ndi galimoto yawo, mimba patsogolo ngati thumba la simenti. Akuti, "Alamu, misomali mukutolayo muzibwera nayo, ndizikugulani pakilo." Ana kuseka. Mayi awo kuseka. M'nyumba mwanga momwe! Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma munthu ameneyu tsiku lina adzandiona.

Atachoka, Bambo akuti, "Iwe, ukufufuza poimika mabasi, ndani ankagwetsa ndalama pamenepo? Kayese kumpanda, pomwe panali windo loperekera ndalama." Paja ukondakitala anagwirira pa depoti yomweyo mpaka kukalamba. Ndawayankha mokalipa kuti makina ndi anga, ndikudziwa chochita. Batire yatsala pang'ono kufa, nayonso.

Loweruka, 8 Juni

Lapezeka!

Kumpanda komweko. Kulira kwake kwina, kosalala, osati kukhosomola kuja kwa chitsulo chadzimbiri. Ndinagwada, kukumba pang'ono, ilo. Kobiri la bowo pakati.

Ndinaliponya patebulo pakati pa mbale. Mayi a ana analitembenuza kawiri, akuti, "Limodzi lomweli?" Pangano linali limodzi, mayi. Limodzi.

Bambo analiika pafupi ndi diso, akuti linkakwana tikiti ya mwana wasukulu. Kenako akuti, "Lero ndiye walowa ukuimba mluzu. Chitsekereni fakitale sindinaumvepo." Sindinadziwe n'komwe kuti ndimaimba.

Lachiwiri, 11 Juni

Ena awiri. Ndawatumizira alamu chithunzi pafoni, popanda mawu. Ayankha ndi kankhope koseka. Aseke. Sikelo yawo ayezepo okha.

Ndagula batire yatsopano.

Lachisanu, 14 Juni

Kobiri lachinayi lapezeka lero.

Ndinakhala pansi pamenepo n'kuliyang'ana bwino. Kobiri logona m'nthaka zaka zambiri limatuluka lakuda kapena lobiriwira, ndipo dothi lolizungulira limadetsedwa nalo. Aliyense wogwirapo makinawa amadziwa. Angawa ayi. Kungopukuta ndi chala, waliwali. Onse anayi. Onse osazama, chala chimodzi basi, m'dothi lofewa. Ndinayang'ana maenje anga: mzere umodzi, motalikirana mofanana ngati mitengo ya mpanda.

Wina akuwakwirira. Wina akundiyesa galu womuponyera fupa.

Ndani wina? Pafupi ndi sitolo ya alamu pali mkulu wogulitsa zinthu zakale, mawotchi akufa ndi makobiri m'mbale. Komwe ndikufufuza mayi a ana amawauza achimwene awowo. Kankhope koseka kaja! Akudikira ndinyade mokwanira, adzaulule pagulu. Ine kuimba mluzu, iwo akugwa nacho chikhakhali.

Sindinadye. Mutu ukuphulika.

Loweruka, 15 Juni

Ndapita. Sitolo yodzaza, amisiri akugula utoto ndi mapaipi. Ndinakhuthula makobiri onse m'mbale ya sikelo yawo, ndati yezani, ndi anu. Zina zomwe ndinanena sindilemba. Za mimba ndinanena. Za galimoto yangongole ndinanenanso.

Iwo kukamwa yasa, akuti, "Alamu, mwayamba kumwa?" Kudziwa kunamizira munthu ameneyu. Ndinatola makobiri anga n'kutuluka, wina kumbuyo akuti wamisala.

Sindikudandaula ngakhale pang'ono.

Lamulungu, 16 Juni

Mayi a ana atenga ana, apita kwa achimwene awo. Akuti adzabwera ndikakapepesa pamalo pomwe ndinatukwanira. Adikira mpaka tsitsi lituwe.

Tatsala awiri ndi Bambo. Ndapsereza mpunga. Adya osadandaula, akungondiyang'ana ngati pali chomwe akufuna kunena. Mawondo awo atupanso, ndawapaka mankhwala. Ndawauza asiye zoyenda m'mamawa zija, akuti adokotala anati aziwongola miyendo.

Lachitatu, 19 Juni

Kuchapa, poti wochapa kulibe.

Thalauza la Bambo, lotuwa lija. M'mawondo monse dothi lofiira. Pabwalo pathu pano dothi lofiira lichokera kuti? La ku depoti. M'thumba, supuni yathu ya tiyi, yopindika, dothi lili kakata.

Ndinalowa kuchipinda kwawo iwo ali kubafa. Pansi pa bedi, kuseri kwa nsapato, kachitini ka fodya. Makobiri a bowo pakati, opukutidwa mpaka kuwala, ndi kansanza kake pamwamba. Ndinatenga ndodo yawo n'kuiyang'ana. Kutalika kwake ndi komwe kuja kwa pakati pa maenje anga.

Khoswe wakhala pamkhate.

Munthu wamkulu, wodwala mawondo, kukagwada m'zitsamba ndi supuni! Akanagwa kumeneko ndani akanamuona? Ndiye n'kuwapukuta kaye! Moyo wawo wonse kupukuta, nsapato, mabatani a yunifolomu, lamba. Ngakhale bodza lawo analipukuta. Akanangowasiya akuda sindikanadziwa mpaka kufa.

Ndakwiya zedi. Kundiyesa mwana wa kumkaka. Ndipo Lamulungu lija anangokhala duu, akuona banja langa likutuluka pakhomo ndi zikwama.

Ayi. Anafuna kunena. Ndinawatseka pakamwa ndi nkhani ya mawondo.

Chitini ndabwezera pomwe chinali. Supuni ndaitsuka, ndaibwezera m'thumba.

Loweruka, 22 Juni

Ndakapepesa. Pasitolo pomwepo, amisiri omwe aja, ngati anachita kuitanidwa. Mawu ankatuluka ngati ndikusanza miyala. Alamu akuti, "Zatha, alamu. Koma anakwirira ndani?" Ndati sindikudziwa, mwina ana osewera. Anandipatsa botolo la zoziziritsa kukhosi. Ubwino wawo ukundinyansa kuposa chipongwe chawo.

Mayi a ana ndawauza zoona zokhazokha zomwe ndingathe: makobiriwo si a m'nthaka, choncho pangano ndaluza. Makina apite. Ntchito ndiyamba pa 1 Julayi. Sanasangalale monga ndinkayembekezera. Abwera ndi ana madzulo, ayamba ndi kukwecha poto wa mpunga uja.

Bambo sakudziwa kalikonse. Sindikudziwa poyambira.

Lachisanu, 28 Juni

Wogula wapezeka, mphunzitsi wina wopuma ntchito. Wanenerera mpaka kundiwawa. Abwera mawa masana. Ndapukuta makina, ndakulunga chingwe cha mahedifoni. Sabata yonse sindinapondeko ku depoti.

Alamu atumiza ovolosi. Yaikulu, ya muyezo wawo.

Loweruka, 29 Juni

Ndadzuka kumva geti likutseguka. Pawindo: Bambo akulowa pageti, ndodo patsogolo, akukoka mwendo wamanzere. Mawondo a thalauza ofiira. Aima, apuma, asasa dothi ndi chipewa, ayang'ana uku ndi uku ngati mwana wakuba shuga.

Ndimafuna kutuluka ndiwakalipire mpaka anthu oyandikana nafe amve. Mawu ndinawakonza kale.

Agogoda kuchipinda kuno, akupumira m'mwamba. Akuti, "Iwe, wagona mpaka liti? Mwezi sunathe. Ndakumbukira, panalinso mpopi kuseri kwa ofesi, anthu ankagwetsa ndalama posamba m'manja. Kayese pamenepo."

Ndati ndamva, Bambo.

Akadali pakhomo, ndikumva ndodo. Mphunzitsi abwera masana. Batire ili ndi moto.

Nsapato zanga zili kuti