Mbawa ya Kumanda ndi Dimba Lanu

Amayi anga, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno tilipo ndithu, Mulungu akutisunga. Ndine Asiyatu wanu, uja munkati manja ake amathamanga kusiya mutu kumbuyo. Lero ndakhala pansi bwinobwino kuti ndikuuzeni za kumudzi, poti zachuluka.

Ndiyambe ndi zokoma. Patuma, mng'ono wanga, anabereka mwana wamkazi ndipo tinamutcha dzina lanu. Chipumi ndi chanu chenicheni, ndipo akakwiya amatiyang'ana cham'mbali monga munkachitira inu tikapsereza ndiwo. Chimanga sichinachite bwino chifukwa mvula inadula pakati, koma nandolo anatipepesa, moti wina tinakagulitsa ku Ulongwe. Mbuzi yanu yakuda ija ikadali mbava. Yakalamba, mano atha, koma khalidwe silinasinthe.

Tsopano nkhani imene yandikhazika pansi ndi ya dimba lanu. Chichokereni inu, mtsinje wakhala ukulidya. Dzinja lililonse umaluma chigawo n'kupita nacho. Nthochi za m'mphepete zija zinakokoloka, ndipo pamene munkafesa mpiru pano ndi phompho. Ndikukumbuka mukunena, abambo ali pomwepo, kuti dimba limenelo ndiye mwamuna amene sanakukhumudwitsenipo. Ife tinkaseka, koma lero ana anga amadya ndi kuvala kuchokera mmenemo. Ndinkaopa, amayi, kuti lidzathera m'manja mwanga.

Ndiye kutabwera uthenga woti akufuna anthu odzipereka oti aphunzire kusamalira mtsinje, ndinali woyamba kuimika mkono. Malipiro palibe. Amuna anga, bambo a Yusufu, anayamba kunditcha nduna ya mitengo, ndipo mpaka pano akandiona ndikutenga khasu amati, "Anduna, kodi ife anthu wamba tidya nthawi yanji?" Koma madzi othirira amanditungira okha, musawaone kulongolola.

Timaphunzira pansi pa mango pasukulu paja. Mlangizi wathu ndi a Tadala, mtsikana wa ku Zomba, waulemu komanso wosatopa ndi mafunso athu. Anatiphunzitsa kudzala bango ndi udzu wa vetiva m'mbali mwa mtsinje, kulambula njira yotchinga moto, ndi kusiya mphukira pa zitsa m'malo mozisadza. Tinakhomanso zikhomo m'mphepete, ndipo Lachiwiri lililonse timayendera kuti tione pamene madzi adya ndi pamene asiya. Koma anatiuza poyera kuti udzu umagwira dothi lapamwamba lokha. Kuti gombe lilimbe pamafunika mitengo ya mizu yozama, makamaka mbawa.

Mbande zoyamba zinabwera pagalimoto mvula itatsanzika kale. Zina zinauma, zotsalazo mbuzi yanu ndi anzake anagawana. Pamenepo a Tadala anati tisadikirenso galimoto, titole tokha njere n'kukhazikitsa nazale yathu.

"Kodi kuno mbawa yaikulu yobereka yatsala pati?" anafunsa.

Mukudziwa inu kuti mbawa zonse zinapita ku macheka ndi ku makala. Kenaka Che Amidu, amene ndi wapampando wathu, anayankha chapansipansi kuti, "Yatsala kumanda."

"Ndiye zili bwino," anatero a Tadala. "Mawa m'mawa tipite ndi matumba."

Amayi, mukanaona nkhope za anthu. Mwana wa eni ake sanalakwe dala, iye ankangoganiza za mitengo. Tinamufotokozera modekha kuti kumanda sikuchoka kanthu, ngakhale kankhuni kouma, ndipo ife akazi sitipondako n'komwe. Anapepesa kwambiri mpaka ifeyo ndi amene tinayamba kumutonthoza. Koma nkhaniyo inandikhudza penapake. Tsiku limene anakunyamulani, ine ndinatsala pakhomo ndi azimayi anzanga. Chiyambire pamenepo sindinkadziwa kuti anakugonekani mbali iti.

Ndinapita kwa amjomba, Che Saidi mlongo wanu, poti ndi iwo amene amayang'anira manda. Ndinagwada, n'kufotokoza zonse: za gombe, za nthochi, za ana. Ndinati ngakhale amuna okha alowe akatitolere.

"Iyayi, mwana wanga," anatero. "Za kumeneko zili ndi eni ake. Lero mutola njere, mawa wina atola nkhuni, mkuja mumva macheka akulira pamutu pa mayi ako."

Ankanena zoona. Mbawa imeneyo ikadalipo chifukwa cha kuuma mutu komweko. Inu munkati mlongo wanuyo akakana chinthu, ndi bwino kukanyengerera mwala. Ndinabwerera kunyumba ndikulira, ndipo sindinabise. Ndinadutsira kudimba n'kuima pa phompho paja nthawi yaitali, ndikuona ngati ndayamba kale kutsanzikana nalo.

Miyezi inapita, dzuwa linayamba kuwawa, mphepo inakula. Tsiku lina m'mawa ndikusesa, ndinangoona amjomba atulukira ndi ndodo yawo. Mpando anaukana, tiyi anamukana.

"Tenga zitenje zako zakutha zonse," anatero, "uitanenso anzako aja ndi mlangizi wanuyo."

Sanatitengere panjira ya kumanda. Tinazungulira kuseri, mpaka tinafika m'munda mwa Che Amidu umene unachita malire ndi nkhalango ya mandayo. Anaima, n'kujambula mzere pansi ndi ndodo.

"Apa musadumphe. Ine ndinakana kuti munthu alowe, koma mphepo sindinailetse kutuluka. Chimene chagwera kunja kuno si cha kumanda."

Ndinamva pambuyo pake kuti anali atakafunsa kale kwa a shehe ndi kwa akuluakulu anzawo, ndiponso kuti ankabwera okha kudzaona mbali imene njerezo zimagwera. Kwa ine sananenepo kanthu za zimenezi, ndipo ndikudziwa kuti sadzanena.

Tinayala zitenje m'munda monsemo n'kuzitsinjiza ndi miyala. Mphepo ikawomba, njere zinkabwera zikuzungulira m'mwamba, zopyapyala, zofiirira ngati chikhokho cha mumphika. Azimayi akuluakulu tinkazithamangira ngati ana atulukira ngumbi, koma mwakachetechete, poti tinkadziwa amene tawayandikira. A Tadala anati tizifese msanga chifukwa njere za mbawa sizichedwa kufa.

Tili mkati motola, amjomba anabwera n'kuima pafupi nane. Sanandiyang'ane, maso anali kunkhalango.

"Ukuiona nthambi yaikulu yowerama iyo, mbali ya kum'mawa? Mlongo wanga wagona pansi pake."

Amayi, ndinayang'ana kumene ankanenako. Sindinaone mtumbira, ndinangoona masamba ndi mthunzi, koma kwa nthawi yoyamba ndinadziwa koyang'ana. Ndinakhala pansi, njere zili m'manja, ndipo ndinakupatsani moni ngati ndakupezani pakhonde. Ndinakusowani kwambiri tsiku limenelo, komanso ndinasangalala, zonse nthawi imodzi. Amjomba anandisiya pang'ono, kenaka anakhosomola n'kuti, "Dzuka utole, mphepoyi sikhala mpaka madzulo."

Njerezo zinamera. Zili m'machubu kuseri kwa nyumba, mumpanda wa minga umene bambo a Yusufu anamanga pofuna kuchititsa manyazi mbuzi yanu. Ndimathirira m'mawa ndi madzulo, ndipo anzathu a midzi ya kumtunda abwera kale kudzaona mmene tachitira. Amjomba amadutsa ngati akupita kwina, n'kusuzumira, n'kunena kuti tathinanitsa machubu.

Sindikunamizani, mbawa imakula mwapang'onopang'ono, ndipo mtsinje ukhoza kulumanso isanagwire. Koma pamene tinadzala vetiva chikhomo chikadali chiimire, ndipo mantha aja achepa. Mvula ikangolowa bwino m'nthaka, inshallah, mbande zoyamba ndikadzala ndi manja anga pagombe la dimba lanu, ndipo ndidzazilondera mpaka zitapitirira msinkhu wa mbuzi. Limeneli ndi lonjezo langa. Pamene mwagonapo sindingafike, amayi, koma mtengo umene ukukufunditsani watitumizira ana ake, ndipo ndiwalera ine.

Gonani mumtendere. Ndimakukondani monga kale.

Ndine mwana wanu,
Asiyatu