Ndinasiya mkazi wanga paphiri mphindi khumi zitakwana

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 61, ndipo sindinalemberepo kalata munthu wa m'nyuzipepala, choncho mundikhululukire ngati ndalakwitsa poyambira. Ndinayendetsa basi ya maulendo ataliatali zaka 31. Pa zaka zonsezo sindinagundepo ngakhale mbuzi, ndipo abwana ankanena kuti anthu a m'mbali mwa msewu ankakonza mawotchi awo akaona basi yanga ikudutsa. Sikuti ndikudzitama ayi, ndikungofuna mudziwe kuti amene akukulemberaniyu si munthu wachibwana.

Vuto langa ndi mayi a kunyumba. Takhala m'banja zaka 34, ana athu atatu onse ali paokha. Iwo ndi telala, amasokera pakhonde. Chikwatiranireni akhala akundiuza kuti akufuna kukaona nyanja yaikulu ya mchere ya kummwera, ija inali pa kalendala ya kukhitchini, komanso midzi ya m'mapiri a kumeneko, ya nyumba zomangidwa zosanjikizana pathanthwe. Ine ndinkayankha kuti tidzapita ndikadzapuma pantchito. Ndinapuma chaka chatha, ndipo poti ndine munthu wosunga lonjezo, mwezi wathawu tinanyamuka pa kagalimoto kathu.

Ulendowo ndinaukonza bwino kwambiri. Ndinatenga pepala, kujambula mizere ndi rula, n'kulemba malo 19 oti tiime m'masiku asanu, nthawi yofika ndi nthawi yonyamuka. Pamene pali chimbudzi, mphindi 15. Pongoona zinthu, mphindi khumi. Chakudya cha masana, theka la ola. Pepalalo ndinalimata kutsogolo kwa mpando wawo kuti asamavutike ndi kundifunsafunsa. Analiwerenga lonse, n'kundifunsa ngati tikupita kokayenda kapena tikukatula mtembo. Ndinaseka, poganiza kuti akungocheza.

Masiku awiri oyamba zinayenda bwino zedi. Kunyanja tinafika kutatsala mphindi zinayi kuti nthawi yake ikwane. Msewu wa kumeneko ndi wosalala, koma uli ndi makona ofuna munthu wodziwa magiya. Nyanjayo inali mbali yanga, ndiye iwo ankasuzumira chakutsogolo kwa mphuno yanga kuti aione. Pena anapempha kuti tiime pamene asodzi ankayanika maukonde, koma malowo sanali papepala. Sindinawakanize mwamwano. Ndinatsitsa galasi langa, n'kuchepetsa liwiro mpaka 40 kuti aone bwinobwino.

Titafika pamalo oimapo enieni, anatsika. Vuto ndi loti ali ndi bondo lowavuta, ndiye kuchoka pagalimoto kufika pamadzi kunawatengera mphindi zisanu ndi imodzi. Anavula nsapato imodzi, kuviika phazi, ine n'kuliza hutala chifukwa ndinawerengera kale ndi ulendo wobwerera. Anabwera nsapato ili m'manja, n'kukwera galimoto. Ine ndinaona ngati akhutira.

Tsiku lachitatu tinakwera kumapiri. Mudzi woyamba uli pamwamba penipeni, kamsewu kake ndi ka miyala, kongokwana galimoto imodzi. Pamakomo panali amayi atakhala pa timipando, akusoka maluwa pa nsalu zoyera ndi singano ya pamanja. Akazi anga atangoona, mutu unabalalika. Anakhala pansi pafupi ndi mayi wina wachikulire, ndipo ngakhale sankamvana bwino chilankhulo, anayamba kuonetsana kasokedwe ndi zala ngati anakulira limodzi.

Mphindi khumi zinakwana. Ndinaliza hutala kawiri, monga mwa lamulo. Sanatembenuke.

Aphungu, aliyense amene anagwirapo ntchito ya basi akudziwa kuti anthu sabwera ukamawaitana, amabwera akaona matayala akuzungulira. Umangoliza injini, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono maso ali pagalasi. Ndachita zimenezi zaka 31 ndipo sindinasiyepo munthu. Amathamanga onse, agogo, amayi oyembekezera, ngakhale abusa jekete lili m'manja. Ndiye ndinachita zomwezo. Pagalasi ndinaona akudzutsa mutu, kundiyang'ana, n'kubwereranso ku singano. Ndinaganiza kuti sanamvetse, ndinawonjezera moto pang'ono. Kenako ndinapezeka ndakhota kona, kumbuyo kwanga kwatulukira lole ya njerwa ikuliza hutala, msewu ukutsetsereka, potembenukira palibe mpaka kunsi kwa phiri. Foni yawo inali m'chikwama pampando, pamodzi ndi mankhwala a bondo.

Kutsika ndi kukweranso kunanditengera mphindi 57. Ndinabwerera thukuta lili kamukamu, ndikuganiza kuti ndiwapeza akulira pamsewu. Ndinawapeza ali ndi kapu ya tiyi m'manja, akuseka chikhakhali chimene sindinachimve chichitikireni ukwati wa mwana wathu womaliza. Mayi wachikulire uja anandiloza ndi singano, kunena mawu awiri atatu, amayi onse n'kufa nalo phwete. Ine pofuna kukonza zinthu, ndinawafotokozera akazi anga za lole ija, n'kuwauza kuti chifukwa cha nthawi yotayikayo tidumpha malo awiri.

Anaika kapu pansi n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ndinakuonani mukundiyang'ana pagalasi. Mumafuna muone ngati ndithamange."

Atatero anatsanzika anzawowo, kutsegula chitseko chakumbuyo n'kukhala kumeneko. Ulendo wonse wotsala anakhala kumbuyo, ndipo pamalo oimapo sankatsikanso. Ndikati tafika, ankangoti aona kale pawindo.

Chibwererereni kunyumba sakundiitananso kuti abambo. Akumati, "A dalaivala, chakudya chili patebulo, muli ndi theka la ola." Alendo akabwera amatero ndithu, ndipo alendowo amaseka poganiza kuti ndi chikondi. Sabata yatha andiuza kuti pa 1 mwezi wamawa akubwerera kumudzi wa paphiri uja, okha, pa basi, kukaphunzira kasokedwe kaja. Akuti mayi wachikulire uja anawaonetsa chipinda choti azikagonamo, cha mwana wake amene anasamuka. Nditafunsa kuti adzabwera liti, anati, "Sindinalembe papepala." Chikwama analongedza kale, chili pakhomo la kuchipinda, ndimachilambalala tsiku lililonse.

Mwana wathu wamkazi ali mbali ya mayi ake, akuti ndikanakhala mwamuna wake akanandisiya kunsi kwa phiri komweko. Anzanga a kudepoti akuti ndibise chiphaso choyendera cha akazi anga, kapena ndiwalole apite koma madalaivala azindiuza paliponse pamene atsika. Kunena zoona ndili ndi mantha, chakudya sichikulowa. Nyumba ino sindinakhalemo ndekha ngakhale tsiku limodzi, ndipo sindikudziwa ngati adzabwerenso. Kodi ndiwaletse? Komanso poti akazi anga tsamba lanuli amaliwerenga, muwauzeko kuti kuona malo 17 pa malo 19 si ulendo wolephereka.

Ndine wanu wothedwa nzeru,
B.T.M., mumzinda waukulu

Bambo B.T.M.,

Zikomo polemba, ndipo mbuzi zonse za m'mbali mwa msewu zandituma kuti ndikuthokozeni. Tsopano tikambe za munthu amene munamugunda.

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Ndadziwa liwiro limene munkayenda, ndadziwa kuti lole inanyamula njerwa, ndadziwa mphindi 57. Sindinadziwe ngati madzi aja anali ozizira kapena ofunda, chifukwa simunawafunse akazi anu. Munthu anadikira zaka 34, akuyang'ana kalendala uku akutsuka mbale, ndipo chimene analandira ndi phazi limodzi lonyowa ndi mphuno yanu. Inu mpaka lero mukudikira satifiketi yokuyamikirani.

Lole ija musiyeni, ilibe mlandu. Inakupezani mutanyamuka kale. Injini munaliza ndinu, giya munalowetsa ndinu, ndipo cholinga chake mwachinena nokha: kuti mkazi wanu wa bondo lopweteka adzuke pakati pa anthu achilendo, agwire siketi m'manja, athamangire galimoto ya mwamuna wake. Kuntchito munkati imeneyo ndi njira yosungira nthawi. Dzina lake lenileni ndi kuchititsa munthu manyazi. Anthu a m'basi ankathamanga chifukwa katundu wawo anali mmwamba. Akazi anunso katundu wawo anali m'galimoto, foni ndi mankhwala omwe, koma sanathamange. Khalani pansi muganize kuti munthu amakhala atatopa bwanji kuti afike pamenepo.

Mukuti nyumbayo simunakhalemo nokha ngakhale tsiku limodzi. Nanga iwo anakhalamo okha masiku angati pamene inu munkakonzetsa mawotchi a anthu a kumidzi? Ana akadwala, denga likadontha, sukulu ikaitana makolo, basi yanu inali ikufika pa nthawi yake kwinakwake. Zaka 31 anakudikirani osakuimbirani hutala. Inu mwalephera kuwadikira kuti amalize duwa limodzi.

Sindikuti ndinu munthu woipa. Lonjezo munalikumbukira, ndipo amuna ambiri akanaliiwala dala. Koma munapita ndi pasenjala, mkazi munamusiya kunyumba, ndiye musadabwe kuti pasenjalayo wakhala mpando wakumbuyo.

Choyamba, pepesani, ndipo m'kupepesako musatchulemo lole, kona, kapena nambala iliyonse. Mukangomva pakamwa panu pakutuluka "koma", tsekani. Nenani kuti munafuna kuwathamangitsa, kuti chinali chipongwe, ndipo mukuchita nacho manyazi. Akapanda kuyankha, musawapatse mphindi khumi zoti aganizire.

Kenako vulani wotchi, muiike m'kabati, mukakhale pakhonde pafupi ndi makina awo. Afunseni kuti kasokedwe kaja n'kosiyana bwanji ndi kawo. Mudzatopa, ndikudziwa, chifukwa nkhani ya ulusi ilibe magiya. Khalanibe mpaka amalize okha. Pamenepo muwauze zimene mwazibisa kumapeto kwenikweni kwa kalata yanu, kuti muli ndi mantha. M'kalata yonseyi mawu amenewo okha ndiwo alembedwa ndi mwamuna wawo, ena onse alembedwa ndi a dalaivala.

Za anzanu a kudepoti, funsani kaye kuti ndi angati mwa iwo amene akazi awo akadali pakhomo. Kubisa chiphaso cha munthu wamkulu ndi kuba, ndipo kumuikira akazitape m'basi ndi kumuuza kuti anachita bwino kuchoka. Uthenga wanu wa malo 17 sindiupereka. Koma poti akuti amawerenga tsamba lino: amayi, pitani bwino, ndipo podutsa kunyanja mukaviike phazi linalo.

Inde, ndikuti muwalole apite. Simungawaletse, ndipo mukayesa mudzatsala ndi thupi lawo pakhonde, mtima uli paphiri. Pa 1 pomwepo nyamulani chikwamacho inuyo, muwaperekeze kudepoti, muwagulire madzi akumwa. Musawafunse tsiku lobwera, musapite kukalangiza dalaivala za makona. Akakwera, inu mukaime kumene amaima anthu otsala, mbali imene simunaimepo chiyambire ntchito, ndipo musachoke mpaka basi itakhota. Mukabwerera kunyumba phunzirani kumene kumakhala mchere.

Koma ndikuchenjezeni, bambo. Pakadutsa sabata imodzi miyendo idzayamba kukuyabwani, ndipo mudzapeza chifukwa chomveka chokwerera phiri lija: aiwala juzi, mankhwala atha, mafuta alimo kale m'galimoto. Musayerekeze. Mukakaima pakhomo la mayi uja injini ikulira, akazi anu adzatuluka ndithu poopa kukuchititsani manyazi pamaso pa anthu, ndipo mudzabwera nawo kunyumba, koma mkazi wanu mudzakhala mutamutaya tsiku lomwelo. Dikirani akuitaneni okha. Sindikukulonjezani kuti adzatero.

Aphungu