Mkanjo Wotsegula M'mbali

Amayi,

Zaka zitatu zakwana lero chitisiyireni. Munapita nyengo ya Pasaka ili kumapeto, kutatsala masiku ochepa kuti Pentekoste ikwane, ndipo mpaka pano pakhonde paja pamaoneka ngati mwangolowa m'nyumba kukatenga ulusi. Chithunzi chili pamwambachi ndi chija muli ndi tepi yoyezera nsalu m'khosi. Achemwali ankafuna cha pa ukwati wawo, ati munatchena, koma ine ndinakana: ndani angakuzindikireni mutapinda manja? Amene wapambana mkanganowo mukumudziwa kale. Suja munkanditcha Tsabola.

Ababa akadakhalabe pampando wawo womwe uja, moyang'anana ndi makina anu osokera. Sanena zambiri. Lenti ikayamba amangofunsa ngati makinawo ndathira mafuta. Achimwene akabwera kuchokera ku maulendo awo a lole amaima kaye pakhonde asanalowe, ati fungo la nsalu yatsopano limawakumbutsa inu. Zidzukulu zimayeserera mmene munkaimbira nyimbo muli ndi mapini pakamwa, mawu osamveka, mutu ukugwedezeka, phazi likupalasa. Timaseka mpaka misozi, kenako misoziyo imasintha yokha.

Zaka makumi awiri ndi ziwiri munasoka mikanjo yoyera ya anthu obatizidwa pa Pasaka. Nsalu inali imodzi kwa onse, dokotala ndi wogulitsa makala chimodzimodzi, ndipo wofuna lesi m'khosi munkamuuza kuti akaike pa diresi lake la kunyumba. Mikanjoyo inali yobwereketsa, koma simunkalola kuti anthu aibweze okha. Munkakaitenga nokha, wapansi, nyumba imodzi pa tsiku, kuyambira Lolemba la pambuyo pa Pasaka. Ine zinkandinyansa. Ndinkati tingoika beseni pakhomo la tchalitchi, aliyense aponyemo wake, ntchito ithe tsiku limodzi. Munkandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Iwe Tsabola, Pasaka ndi masiku makumi asanu. Tsiku la ubatizo aliyense amamugwira chanza munthu. Nanga Lachitatu lake, mwamuna akabwera ataledzera, amamufunsa ndani kuti wadzuka bwanji?" Ndiye munkakhala m'nyumba za anthuwo maola awiri, kumvetsera za mwana wodwala, za ntchito yatha, za pemphero limene likukanika kutuluka pakamwa. Ambiri a iwo lero ndi amene akutsogolera nyimbo ndi kuphunzitsa anzawo.

Chimene chinachitika chaka chanu chomaliza sindichibisa, ngakhale achemwali andipempha kuti m'nyuzipepala musalowe mkwiyo. Atcheya a bungwe la amayi anaimirira pamsonkhano n'kulengeza kuti misoko yanu yayamba kukhota, maso akalamba, mikanjo azikagula kusitolo, wobatizidwa aliyense akhale ndi wakewake. Sanakutengereni kaye pambali. Munamvera limodzi ndi gulu, ndipo anthu atawomba m'manja nanunso munawomba. Kunyumba munaphimba makina ndi nsalu. Pasaka itadutsa munanyamulabe chikwama chopanda kanthu n'kuyamba kuyenda m'makomo, mpaka miyendo inakana. Pa maliro anu Atcheya omwewo ndiwo analankhula, kukutamani ngati sanali iwo. Ndinatuluka m'tchalitchi bokosi lanu likadali kutsogolo. Ndinalumbira kuti sindidzapondamonso mpaka mayi ameneyo adzapepese pagulu, monga anakunyozerani pagulu. Mulungu naye ndinamunyanyala, chifukwa anaona zonsezo ali chete.

Kusoka simunandiphunzitse, munkati mtima wanga ndi wapachala, ndingang'ambe nsalu za eni. Ndadziphunzitsa ndekha. Ndinkamasula mikanjo yanu yakale msoko ndi msoko kuti ndione mmene munadulira, ndipo singano zimene ndathyola sindingaziwerenge. Ndinene chilungamo, poti ndimachifuna kwa ena: m'mikanjo yanu yomaliza ija misoko inalidi yokhota. Ndinalira tsiku limene ndinaona zimenezo, koma mkwiyo sunachoke. Msoko wokhota si chifukwa chochititsira munthu wamkulu manyazi.

Chaka chino, Lenti ili pakati, Atcheya anatulukira pakhonde. Amuna awo, amene moyo wawo wonse ankangowaperekeza mpaka pageti la tchalitchi n'kubwerera, anadwala sitiroko ndipo anapempha ubatizo. Dzanja lamanja linapindikira pachifuwa, mkanjo wa kusitolo sukulowa. Anandifunsa ngati ndingasoke wotsegula m'mbali. Amayi, zimene ndinawayankha sindingazilembe pansi pa chithunzi chanu. Anamvetsera zonse ali chilili, n'kusiya nsalu ndi malaya akale a bambowo pamwamba pa makina, n'kumapita. Zinthuzo zinakhala pamenepo masabata awiri. Ababa ankazinyamula akamapukuta fumbi, n'kuzibwezera pomwepo, osandiyang'ana. Ndinasoka Lachisanu Loyera m'mawa, ndikudziuza kuti ndikusokera wodwala, osati mkazi wake. M'malo mwa mabatani ndinaika zingwe zitatu zomanga ndi dzanja limodzi. Achimwene ndiwo anakapereka, ndipo ndinawauza akanene kuti ndi wobwereka. Ku ubatizoko sindinapite.

Koma mkanjo wobwereka umafuna wokautenga, ndipo m'nyumba muno aliyense ankadziwa kuti ntchito imeneyo satuma wina. Ndinazengereza mwezi wathunthu. Tsiku limene ndinapita ndinakonzeratu nkhope ndi mawu, ndikuti lero lokha apepesa. Ndinapeza Atcheya atagwada pabalaza, akudyetsa amuna awo ndi supuni, theka la chakudya likutayikira pa thaulo. Amayi a bungwe amene kale ankadzaza nyumba imeneyo anasiya kubwera sabata yoyamba yomwe. Bambowo anandilozera buku la Mawu a Mulungu ndi dzanja labwino lija. Ndinatsegula pamene panali kachingwe, pa nkhani ya ophunzira aja atadzitsekera m'nyumba chifukwa cha mantha, Ambuye n'kuima pakati pawo osawafunsa n'komwe chimene anathawira, kungowapatsa mtendere. Nkhaniyo inandipsetsa mtima. Ndikanakhala ine, ndikanayamba ndi mlandu, mmodzimmodzi. Bambowo anapempha ndi maso kuti ndiwerengenso, ndipo ndinawerenga ulendo wachiwiri. Ndinazindikira kuti pa anthu odzitsekera aja nanenso ndilipo, zaka zitatu zonsezi, loko ndikugwira ndekha.

Atcheya sanapepese. Anandiperekeza mpaka pamsewu, nangonena chapansipansi kuti inu mukanakhalapo mukanabwera kalekale. Mkanjo ndinautenga tsiku lomwelo, koma Loweruka ndinapitanso, ndi Loweruka linalo. Sindikudziwa ngati kumeneku ndi kukhululuka. Ndikawaona mtima umalumphabe. Ndayambanso kupemphera, ngakhale mapemphero anga ambiri amamveka ngati ndewu, ndipo ndikuona kuti Mulungu sakundithamangitsa.

Lamulungu likubwerali ndi Pentekoste. Bambowo akufuna kukakhala nawo, koma njinga yawo ya olumala imafuna anthu awiri pa masitepe a tchalitchi. Atcheya agwira mbali imodzi. Lumbiro langa lija silinakwaniritsidwe, Amayi, ndipo mwina silidzakwaniritsidwa. Komabe ndauza Ababa kuti mbali inayo ndikagwira ine, ndipo sindikathera pakhomo.

Pumani mu mtendere. Malinga tikupuma mpweya uno, simudzachoka m'mitima mwathu.

Ine Tsabola wanu, pamodzi ndi Ababa, achimwene, achemwali ndi zidzukulu zanu zonse.