Chipinda Changa Chigwe, Amayi Atsale

Lachitatu, pa 12 Juni

Okondedwa Achemwali,

Ndiye monga ndimanena muja foni isanatidukire, bambo wa pawindo lachitatu kuofesi ya khonsolo uja anatsitsa magalasi mpaka pansonga ya mphuno, n'kulitembenuza pepala langa kawiri. Akuti, "Achimwene, ichi n'chiyani?" Ndinati, "Pulani ya nyumba, bwana, mwaitanitsa nokha." Ndinali nditaijambula kuseri kwa kalendala, mwaluso, mpaka mtengo wa mapeyala ndi galu wathu atagona pakhonde. Anaitana anzake a mawindo onse kudzaona. Ine ndikuti ankasirira, amayi akuti ankaseka.

Ndasankha kalata chifukwa pafoni mumandidula pakamwa, komanso muenvulopu muno muli fomu yofuna dzanja lanu. Munanena kuti popeza chivomerezi chija chinang'amba makoma, mwezi uno ukamatha mudzawatenga amayi akakhale kwanuko, pansanjika yachisanu ndi chiwiri. Ine ndinati nyumba tiilimbitsa. Koma khonsolo silola kukhudza khoma popanda chilolezo, ndiye ndapondaponda kuofesi ya zomangamanga masiku asanu ndi anayi, moti alonda a pageti ayamba kundipatsa sawatcha. Mzere wake, achemwali, umalowa uli mnyamata, pofika pawindo imvi zili mbuu. Koma ine amene ndinawabereka amayi kumsana tsiku la chivomerezi, kutuluka nawo malata akulira, ndingagonje ndi kapepala?

Amafuna zitatu: pepala la puloti, pulani, ndi kalata ya injiniya wawo. Pulani inalibe kochokera, paja malemu bambo ankayeza nyumbayi ndi mapazi ndi chingwe choyanikira zovala. Atakana yanga ija ndinapeza wojambula mapulani, anabwera ndi tepi. Yake ilibe galu, ndi yosasangalatsa, koma anailandira.

Kenako anati injiniya abwera Lachinayi. Apa ndinaganiza ngati mwana woleredwa bwino: mlendo apeze nyumba ili ming'alu yokhayokha? Ndinatseka shopu yanga yometa masiku awiri, ndinamata ming'alu yonse ndi simenti, n'kupaka laimu mpaka nyumba kuwala ngati chipatala chatsopano. Amayi ankangondiyang'ana ali pampando. Akuti, "Iwe, ukupita kwa dokotala, ndiye bala ukulibisa?" Ndinati, "Amayi, zaumisiri tisiyireni amisirife."

Injiniyayo anali mayi wamfupi, chipewa cholimba kumutu, kanyundo m'manja. Anazungulira nyumba kamodzi, n'kutsegula fayilo.

"Pafomu munalemba kuti mng'alu wina mphaka amadutsa osagunda ndevu. Uli kuti?"

"Ndakonza, mayi."

"Mwakonza kapena mwaphimba?"

Anandiuza kuti iye amawerenga ming'alu, poyambira pake ndi kolowera kwake, ndiye amadziwa pomwe nyumba yafooka. Popanda kuiona sangalembe kalata. Anandipatsa nyundo ndi tchizulo kuti ndigumule ndekha. Ntchito ya masiku awiri ndinaiphwasula dzuwa lili paliwombo, anthu a mumsewu wonse atatsamira pampanda, theka la iwo makasitomala anga. Atelala oyandikana nafe aja anakuwa, "Ameta, lero khoma nalo lafuna mpala?" Ndawasungira tsiku lomwe adzakhale pampando wanga.

Tsono imvani zomwe anapeza. Makoma a bambo ndi abwino. Akufunika lamba wa konkire ndi zitsulo wozungulira nyumba yonse pamwamba pa mawindo, amisiri amati bimu, ndiponso waya m'makona onse, pulasitala n'kubwerera pamwamba. Akuti tikatero nyumba ingavine koma singagwade. Vuto ndi chipinda chakumbuyo chija, changa. Anapisa dzanja pomwe chimakumana ndi nyumba, linalowa mpaka pachigongono. Njerwa zake sizinalumane ndi khoma la bambo, chimangotsamira ngati munthu woledzera, ndipo maziko ake akuya ngati mbale. Pansi pakagwedezeka chimamenya khoma lakuchipinda kwa amayi, pomwe pali mutu wa bedi.

"Anamanga ndani?" anafunsa.

Ndinati, "Mmisiri wina, koma anasamuka."

Amayi ali pampando pompo akuti, "Eya, anasamukira kushopu yometa."

Ndiye mwamva. Pafoni ndinakuuzani kuti mng'alu waukuluwo unabwera chifukwa bambo ankaumira simenti. Bambo andikhululukire komwe aliko. Chipindacho ndinamanga ndekha chaka chomwe munachoka, popanda pulani, popanda chilolezo, ndikudzitama kuti amisiri ndi akuba.

Mayiyo sanandilalatire. Anangoti kalata alemba, koma chipinda changa chiyambe chagwa, ndipo ntchito yotsalayo agwire mmisiri wokhala ndi mapepala ake, iye azidzaona zitsulo konkire asanathire. Ndinasaina pomwepo kuti ndavomera. Ndizigona pabalaza, mpando wautali uja ndauyeza kale, mapazi okha ndiwo akutsala panja.

Chatsala n'chimodzi. Pulotiyi ili m'dzina la bambo, ndiye akuti ana onse awiri asaine, apo ayi chidindo sichitsika. Ndaika kamtanda ka pensulo pomwe musaine. Bambo wa magalasi uja akuti fomu ikangobwera, chilolezo n'cha tsiku lomwelo, ndipo tsopano amanditcha "ajambuli".

Amayi ali bwino, mankhwala akumwa, masamba awo akuthirira m'mawa uliwonse. Za kwanuko akuti, "Kumwamba kumeneko kukagwedezeka, ndidzatsika ndi mapiko?" Sutukesi yawo akaibisa kwa akazi a atelala kuti mukabwera musaipeze. Musawauze kuti ndaulula.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti mutu wawo uja kulibe wina angaumete bwino kuposa ine. Anawo muwapsompsone, malume awo akadali munthu wotchuka. Amayi akuti muzivala zofunda, ndipo akuti bedi lanu lakale sanalisunthe.

Ndine mlongo wanu,
Wometa, amene zomanga wazisiya.

Ndatsegulanso envulopu. Zakuti ndinawabereka amayi kumsana zija ndinapeka. M'mawa wa chivomereziwo ndinali m'chipinda changa chomwecho ndikusita malaya, khoma litapendama chitseko chinakanirira. Amayi anali atatuluka kale, ali pabwalo. Anabwereranso m'nyumba pansi pakugwedezekabe, anakanula chitseko ndi khasu lawo lakudimba, n'kundikoka kolala mpaka panja. Anandiletsa kukuuzani, poopa kuti mubwera mawa lake ndi tikiti. Sainani, achemwali. Nyundo ya atelala ndabwereka kale, chipindacho ndichigwetse ndekha.