Dzuwa la pa Mvai Ndi Lanu, aNgozo

PAISON NGOZO
1968 – 12 Juni 2021

Lero zakwana zaka zinayi chitisiyireni, aNgozo, m'mawa uja munaterereka pathanthwe la pamwamba pa phiri la Mvai kamera ili m'khosi. Ndikulemba ndine mkazi wanu Lufina. Anthu amati chikumbutso chimafuna nkhope ya womwalira, koma inu munajambula maukwati, maubatizo ndi ana a sukulu a pa Nsipe kwa zaka makumi awiri osasiya chithunzi chanu chooneka ndi chimodzi chomwe. N'chifukwa chake pamwambapa taika dzuwa lanu lomaliza, limene munajambula tsiku lomwelo.

Loweruka lililonse la nyengo yachisanu munkadzuka tambala woyamba, kuvala jekete lanu lothothoka mabatani, mbatata ziwiri zootcha m'thumba. Munkabwera dzuwa litakwera, buluku litanyowa ndi mame, chisoso chitakakamira mpaka m'mawondo, n'kutisonkhanitsa pakhonde kuti tione pa kamera nkhungu itadzaza chigwa cha Bwanje ngati thonje, dzuwa likutumphuka cha ku Kasinje. Ine ndinkati dzuwa ndi lomwe lija ladzulo. Munkaseka mpaka kutsokomola, n'kundiuza kuti ndiyang'anenso. Masiku ano ndimayang'ana ndithu, ndipo munkanena zoona. Mwana wathu Selestina munamuphunzitsa kugwira mpweya asanadine batani, ndipo mpaka pano amatero ngakhale akujambula ndi foni.

Koma ndikuuzeni za mng'ono wanu Obed, poti mwina kumeneko nkhani sizifika. Mukukumbukira mmene ankakutchulirani wamisala pabawo, akuti mwamuna wanzeru amalawirira kudimba, osati kukagwadira dzuwa. Tsiku limene simunabwerere, amuna a mumpingo anakwera kukakufunani. A Sidiki, amene si m'bale wathu, anatseka golosale yawo n'kukwera nawo, ndipo ndiwo anakufunditsani malaya awo pokutsitsani. Obed anatsala patsinde pa mango, akuti bondo. Bondo lomwelo linachira tsiku la maliro, moti anavina ngoma kuposa anyamata. Dothi la pamanda lisanaume anali atanyamula kamera ndi zithunzi zonse za pakhoma, akuti ndi katundu wakuchimuna.

Chaka chatha Selestina anapeza kalendala ya kampani ina ya ku Lilongwe. Zithunzi khumi ndi ziwiri, zonse zanu, pansi pake palembedwa Obed Ngozo. Munthu woti ngakhale chulu amachilambalala. Anagula chipewa chachikulu ndi magalasi akuda, kamera yanu ikulendewera pamimba, n'kumauza anthu pamsika kuti luso limayenda m'magazi. Ndinalira, aNgozo, koma osati pamaso pake.

Bodza lake linathera m'munda wa eni. Eni kalendala aja anabwera atatu mu Julaye, kudzamupempha kuti akawaonetse malo amene ankajambulirapo. Kukana kunamuvuta. Ananyamuka m'mbandakucha atavala nsapato zosongoka za kutchalitchi, ndipo sanafike ngakhale pakasupe pamene inu munkayambira kupuma. Dzuwa linawatulukira ali pakati pa mizere ya kachewere, njira itasokera, katswiri atakhala pansi lilime panja, nsapato m'manja. Alendowo anati ajambule pomwepo basi. Anadina batani kanayi, chivindikiro chikadali kumaso kwa kamera. Mayi amene ankakumba mbatata yake m'mundamo ndiye anafalitsa nkhaniyi, ndipo pofika madzulo inali itafika ku Biriwiri.

Loweruka lotsatira Selestina anawakweza yekha alendo aja. Anawaimika pathanthwe lanu, nawaonetsa kakhadi kosunga zithunzi ka m'kamera yanu kamene anakasolola tsiku limene anakutsitsani, bambo ake aang'onowo asanatambasule dzanja. Kunali koyamba kuti mwanayu aponde pamene munagwera. Anadikira mpaka dzuwa linatuluka, ndipo analijambula. Kalendala ya chaka chino ili ndi dzina lanu pa tsamba lililonse, kupatula la Disembala, limene lili ndi dzina la Selestina.

Kamera inabwerera itakulungidwa m'chitenje. Obed anatuma mkazi wake Eliness, amene anangoiika pakhonde maso ali pansi. Obedyo akuti ankangokusungirani dzina kuti lisaiwalike. Sitinapite naye kubwalo, poti kumeneko kukanakhala kumulemekeza. Akationa pamsika amalowa kuseri kwa matumba a kabichi, chipewa chija ndiye chimamuulula. Akadzafika kumene muliko musavutike kumufunsa kanthu; mudzangomulozera phiri.

Tikukulirani ine Lufina, ana anu Selestina ndi Fanizo, mlongo wanu Pauline ku Kasinje amene sanathebe kuyang'ana kuphiri, ndi a Sidiki amene akukanabe kulandira malaya atsopano. Mdzukulu wanu, mwana wa Fanizo, wabadwa mu Epulo, ndipo makutu ndi anu.

Usani mumtendere, aNgozo. Malinga tili ndi mpweya, dzina lanu silidzafufutika pakhomo pano.